Tisaiwale Mphika wa Pakhomo

Mawu a mlangizi wa zaulimi pa chikondwerero cha zaka khumi za kopaletivi yathu

Ndaima pano mwaulemu, poti ambiri mwa inu ndinu makolo anga, ndipo khasu munayamba kuligwira ine ndisanabadwe.

Zaka khumi si masewera ayi. Magulu ambiri amayamba ndi nthungululu, koma ikangofika nkhani ya ndalama, onse balalabalala. Inu mwapirirana, mwasunga mabuku, ndipo lero mwakhala pamodzi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga limeneli mwalisenza ndithu, dziombereni m'manja.

Amene alankhula ine ndisanaime anena za makilogalamu, mitengo, feteleza ndi ngongole. Ine a komiti andipempha kuti ndilankhule za chinthu chimene sichilowa m'buku la mlembi, ndicho mphika wa pakhomo panu. Masamba anu a tiyi amakwera pa sikelo, kalaliki n'kulemba. Nanga mbale ya mwana wanu amaiyang'ana ndani?

Boma lathu la Thyolo limadyetsa ndi kumwetsa anthu ambiri amene sadzatidziwa n'komwe. Tiyi wakhala m'mapiri muno kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo mu 1967 boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti anthu akumudzi nawonso azilima tiyi wawowawo. Masamba amene mumathyola inu amakamwedwa mpaka ku Britain ndi ku South Africa. Makadamiya nawo amapita kunja. Kaimeni pa Bvumbwe m'mawa muone kabichi, tomato, mpiru ndi karoti zikukwera galimoto kupita ku Limbe ndi ku Blantyre. Mkaka wa ng'ombe zathu, mapeyala athu, nandolo wathu, zonse zili pa ulendo.

Kugulitsa si kulakwa, ndiye ntchito ya kopaletivi imeneyo. Koma tikagulitsa timabwerako ndi chiyani m'jumbo? Masikono, chakumwa cha m'botolo, ndi timapaketi tija ta ana todzaza mchere ndi utoto. Mayi agulitsa mazira onse a nkhuku yake, n'kugulira mwana kapaketi koteroko, mwana n'kusangalala, mimba ili gwa, thupi osapindula kanthu. Tapereka chakudya chenicheni, talandira mphepo.

Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 ndi opinimbira. Kupinimbira si kufupika kwa mtundu monga timanenera. Ndi thupi ndi ubongo zimene sizinalandire zokwanira kuyambira mwana ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo zikadutsa zaka zimenezo kukonza kwake n'kovuta. Mwana wotere amavutika m'kalasi, amadwaladwala. Awa ndiwo adzatenge minda yanu ndi ma sheya anu m'kopaletivi muno.

Ndikumva zimene ena mukunena mumtima: alangizi, inu mukudziwa kuti kuno malo tilibe. N'zoona. Mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili ndi ma esiteti, ndipo pakhomo pambiri munda wake sukwana ndi ekala yomwe. N'chifukwa chake sindikuuzani kuti mulime zambiri. Ndikuti tidye mwanzeru zimene kamundako ndi nyengo zikutipatsa kale.

Ku sikelo ya ana amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ambiri timawaloweza ngati ndakatulo ya kusukulu, tikafika kunyumba n'kuphika nsima ndi kabichi wamadzi basi. Tiyeni tiyende ndi chaka chathu cha kuno, tione ngati magulu amenewa sali pakhomo pathu pomwe.

Ndiyambe ndi miyezi yovuta, Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Mvula ikagwa tiyi amaphuka osapumira. Munthu umalawira mbandakucha, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kuweruka dzuwa litapendeka. Nthawi yomweyo kumunda kukufunika kupalira ndi kubandira, thumba la chimanga lafika pansi, ndipo pamsika mtengo wakwera. Thupi likugwira ntchito yoposa miyezi ina yonse pa nthawi imene mphika wachepa. Apa ndi pamene amayi ambiri amadandaula chizungulire m'mizere ya tiyi.

Komatu miyezi yomweyi ndi imene nthaka imatipatsa ndiwo zaulere. Bonongwe, chisoso, luni, denje, zonsezi zimamera zokha. Timazizula popalira n'kuziunjika m'mphepete mwa munda, kenako n'kupita kukagula kabichi. Eti anthuni? Masamba obiriwira kwambiri ngati bonongwe ndi chisoso amaposa kabichi pa zimene zimathandiza magazi ndi maso. Onjezerani nkhwani, khwanya, kholowa ndi chigwada, mupeza kuti sabata yonse mutha kusintha ndiwo osabwereza. Ngumbi zikatuluka, imeneyo ndi nyama, gulu la zanyama lakwana. Bowa nawonso alipo, koma tidye okhawo amene akuluakulu akuwadziwa bwino, ana asamazule okha. Mango ndi nanazi zimapezeka, ndipo chaka chikangoyamba mapeyala amagwa okha mumtengo. Peyala ndi mafuta. Pamene botolo la mafuta ophikira lakwera mtengo, theka la peyala lophwanyira m'phala la mwana lagwira ntchito yomweyo.

Ndipo wopita kothyola tiyi asapite ndi mimba ya tiyi wopanda kanthu. Madzulo pophika, ikani pambali chinangwa chophika, kaya nthochi, kaya chigumu, ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja. Thirani thobwa m'kachigubu. Zimenezi sizilemera m'dengu, koma zimakufikitsani ku sikelo ya masana muli ndi mphamvu.

Malichi, Epulo ndi Meyi ndi miyezi ya chisangalalo. Mondokwa wootcha, maungu, nyemba zaziwisi, mtedza wauwisi wophika, nzimbe, magwafa. Idyani, ana adye, musawamane. Koma ngozi ya chaka chonse imabisala m'miyezi yokoma yomweyi. Mavenda amafika ndi masikelo awo pakhomo, ife ndalama tikuifuna, n'kugulitsa nyemba ndi mtedza mpaka dengu lomaliza pa mtengo wolira. Ikafika Januwale tikukagula zomwezo pa kambale, mtengo utawirikiza. Musanatsegule thumba kwa venda, yambani mwapatula za pakhomo, muzisunge pamalo pena, ndipo banja lonse lidziwe kuti izi sizigulitsidwa.

Iyinso ndiyo nyengo ya mfutso. Agogo athu sankadya nsima yosematira mu Okutobala, chifukwa chikwatu chinali lende kudenga la khitchini. Lero atsikana ambiri kufutsa sakudziwa. Kachitidwe kake n'kosavuta. Thyolani masamba anthete, a khobwe, nkhwani, bonongwe kapena chisoso. Atsukeni musanawadule. Wiritsani madzi ndi kamchere pang'ono, ponyanimo masambawo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, tsanulani. Yanikani pa thandala kapena pa mphasa yoyera, pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi pamene nkhuku ndi mbuzi zikuyenda. Dzuwa lamphamvu limawauma msanga, inde, koma limachotsa kubiriwira ndi mavitamini ena. Kuno kwathu kumachita chinyezi, choncho dikirani aume mpaka azifumbutuka m'manja, ndiye musunge m'chikwatu kapena m'chigubu chouma chotseka bwino.

Pa mtedza ndi chimanga, chenjerani ndi chuku. Pali chizolowezi chimene ndimachiona m'midzi yambiri: mtedza wabwino timasankhira msika, wofota ndi wowola uja n'kusinja nsinjiro za pakhomo. Chuku chimenecho chili ndi poizoni amene saphedwa ndi moto, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Umitsani bwino, musawaze madzi pa mtedza pofuna kuti usavute kuswa, ndipo wowola tayani. Banja lanu lidye mtedza wa giredi yoyamba.

Juni, Julayi ndi Ogasiti chiperoni chimatsika, kuzizira mpaka m'mafupa. Tiyi amachepa, minda ina ikudulidwa, ndalama nazo zimachepa m'thumba. Koma mbatata yakumbidwa. Ndani pano amene angakane futali wotentha, wa nsinjiro zokwanira, m'mawa wa chiperoni? Pano ndikupempheni chinthu chimodzi. Pafupi nafe pomwepa pali malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, ndipo akatswiri a boma anatulutsa mitundu ya mbatata yofiira mkati: Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu ndi Chipika. Kufiira kumeneko ndi vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Anthu a maboma akutali amabwera kudzafuna mbewu imeneyi, ife eni dera tikadali ndi yoyera yokhayokha. Mizere iwiri kapena itatu yokha kuseri kwa nyumba ikwanira poyambira, ndipo masamba ake ndi kholowa yemweyo.

Nyengo yomweyi nandolo wayamba kukhwima. Makata otentha m'lichero, ana atazungulira, kapena nandolo wamuwisi wothira tomato ndi anyezi, ameneyo ndi ndiwo yosachititsa manyazi pamaso pa mlendo aliyense. Malalanje, manachesi ndi mandimu nazonso ndi za miyezi ino. Chipatso chowawasa chikadyedwa pamodzi ndi nyemba kapena masamba, chimathandiza thupi kutenga ayironi wopanga magazi. Choncho lalanje lisamadyedwe panjira pokha, lizifika pa mkeka nthawi ya nsima.

Seputembala, Okutobala ndi Novembala dzuwa lili phwee, ndiwo zamasamba zasowa kupatula kudimba. Apa ndi pamene mfutso uja umayankha. Nandolo wouma walowa m'nyumba, makaka auma padenga, mapapaya akupsa, masuku ayamba kuoneka pamsika. Makaka ophika pamodzi ndi nandolo ndi chakudya chimene chinalera makolo athu ambiri kuno, ndipo munthu ukadya m'mawa umafika madzulo. Kungoti chinangwa chowawa chisadyedwe chosakonza. Chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku angapo, chiume bwino, chifukwa kuwawako ndi poizoni.

Za nandolo mukukumbukira zimene zinachitika mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja. Mtengo unagwa, matumba anangoti mbwee m'nyumba, anthu n'kumalira kuti talima pachabe. Msika wa kutali utha kutseka chitseko tsiku lililonse osatifunsa. Koma nandolo yemweyo m'mphika sagwa mtengo. Chipere chake mwana wa miyezi isanu ndi iwiri amadya bwinobwino. Masamba ake akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo kuno nkhuni mukudziwa mmene zikuvutira. Namondwe Freddy atatikantha mu Malichi 2023, chimanga chambiri chinapita ndi madzi. Makomo amene anali ndi chinangwa, mbatata ndi nandolo pambali anali ndi pogwira. Amene anadalira chimanga chokha anayamba msanga kuyang'ana kumsewu kudikira thandizo.

Ndisaiwale kalongonda. Ena mukuseka. Pali achinyamata amene amachita manyazi kunena kuti kwawo amadya kalongonda, koma mwezi wa Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje, mabwana a m'tauni amatsika m'magalimoto awo n'kuima pamzere kugula kalongonda yemweyo. Iwo akulipira ndalama, ife tikubisa mphika kuseri kwa chitseko. Amayi achikulire amene muli pano, inu mukudziwa kuti kalongonda safuna changu. Amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi amazunguza mutu. Luso limeneli lili m'manja mwanu, ndipo mukapanda kuphunzitsa adzukulu lipita nanu. Chimodzimodzi thobwa wa chimera cha mawere. Pa ukwati ndi pa chinkhoswe masiku ano timayesa ulemu ndi makireti a zakumwa za m'botolo, zimene ndi madzi, shuga ndi mpweya. Thobwa ndi chakumwa komanso chakudya, ndipo ndalama yake imatsala m'mudzi momwemo.

Nthochi ndiye bala lathu. Kale munthu ukatchula Thyolo, anthu ankaganiza za tiyi ndi nthochi. Malole ankatsika kuchokera ku Thekerani ndi Molere atadzaza mikoko. Matenda a chisaka anatha zonsezo, mpaka lero m'misika ya m'tauni mukugulitsidwa nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ndi nthochizo zinapitanso zitumbuwa zotsika mtengo, mkate wa m'masamba, ndi chipatso chimene mwana ankangothyola popita kusukulu. Chisaka chilibe mankhwala. Chimafala ndi nsabwe za nthochi ndiponso ndi mbewu yotenga ku phata lodwala. Phata lodwala lizulidwe lonse ndi mizu yomwe, ndipo mbewu yatsopano ichokere kodalirika, tifunseni alangizi. Koma mmodzi akazula, woyandikana naye n'kusunga lake lodwala, nsabwe sizidziwa malire a munda. Iyi ndi ntchito ya gulu, ndipo gulu ndi lino.

Tsopano kaphikidwe. Pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimatibera chakudya chili kale m'mphika. Choyamba ndi soda ndi chidulo. Ndikudziwa therere popanda soda ena simulimva kukoma, koma soda amapha mavitamini, ndiye asalowe m'ndiwo iliyonse. Nkhwani wanthete amafewa yekha. Chachiwiri ndi kuphika masamba mpaka asanduke akuda, madzi ake n'kutaya. Madzi akhale ochepa, mphika uvundikiridwe, masamba aphulidwe akadali obiriwira, ndipo muthiremo nsinjiro kapena kamafuta, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Chachitatu ndi ufa. Ufa woyera ndi wokoma, palibe akutsutsa, koma pokonola ndi kuviika timachotsa gaga ndi kamtima ka chimanga, mmene muli zambiri zomanga thupi, n'kupatsa nkhumba. Nkhumba zikunenepa, eti? Mgaiwa umatulukanso wambiri pa thumba lomwelo. Ngati abambo akukana nsima ya mgaiwa, phala la ana lokha likhale la mgaiwa, lolimbako osati lamadzi, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira kapena usipa wosinja.

Ndinenepo za tiyi, poti ndi amene watisonkhanitsa. Tiyi wathu ndi wabwino, timwe monyadira. Koma tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Amayi oyembekezera ndi onse amene anauzidwa kuchipatala kuti magazi ndi ochepa, dikirani padutse ola limodzi mutadya, ndiye mumwe. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisalawe tiyi, bere lokha basi. Ndipo mwana wamng'ono tiyi ndi sikono si kadzutsa, mupatseni phala. Amene muli ndi ng'ombe za mkaka, musanapite nawo kogulitsa, kapu ya mwana iyambe yadzaza, mkaka wake wowiritsa.

Abambo, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Ndalama ya tiyi ikatuluka imafikira m'thumba la ndani? Tsiku la malipiro ena timadya kanyenya ndi tchipisi pa chiwaya, kunyumba n'kufika ndi kabichi mmodzi. Nkhuku ikaphedwa, ziwalo zonona zimapita m'mbale ya bambo, mwana n'kulandira chipalapasiro ndi msuzi. Amene akumanga thupi ndi mwanayo, ndi mayi woyembekezera, ndi woyamwitsa. Ndiponso mayi amene wathyola tiyi tsiku lonse, n'kukatunga madzi, n'kukafuna nkhuni, sangakhale ndi mphamvu yophika ndiwo ziwiri. Kumuwazira nkhuni kapena kuthirira kadimba ka pakhomo sikuchotsa ubambo wa munthu.

Ndisanakhale pansi, ndisiye mapempho atatu m'manja mwa komiti kuti mukawakambirane pa msonkhano wanu. Loyamba, membala aliyense akhale ndi kadimba ka ndiwo pakhomo, ngakhale ka m'matumba othirira ndi madzi otsukira mbale, ndi mtengo umodzi wa chipatso wobzala chaka chino. Lachiwiri, pa nyengo iliyonse tikhale ndi tsiku limodzi lophika pamodzi, aliyense abwere ndi chimene chili m'munda mwake mwezi umenewo, agogo atiphunzitse kufutsa, kuphika kalongonda ndi kufulula thobwa, achinyamata alembe. Lachitatu, mvula isanagwe tizisinthana mbewu: wa mbatata yofiira apatse mnzake, wa khobwe, nzama, mawere ndi maungu achite chimodzimodzi. Zonsezi sizifuna ngongole ya kubanki kapena galimoto ya bungwe. Ine ndi alangizi anzanga tidzakhala nanu, mukatiitana tibwera.

Kopaletivi ino ikamadzakwanitsa zaka makumi awiri, ana amene ali kumbuyo kwa amayi awo leroli adzakhala ali kusukulu. Tidzawerenga makilogalamu ndi ndalama monga tachitira lero, koma tidzayang'anenso anawo mmene akulira. Fungo la kukhitchini landipeza kale pano, ndipo ndamva kuti kuli nandolo, futali ndi thobwa. Tikadye za kwathu mosangalala.

Mulungu adalitse kopaletivi yathu ndi makomo anu onse.